Pakamwa, papepala kapena kampani: bizinesi ya anthu awiri muimange motani?

Anthu awiri akasonkha ndalama n'kugula chigayo, minibasi kapena mabelo a kaunjika, n'kumagawana phindu, lamulo limawatenga ngati apangana kale, ngakhale sanasainirane kalikonse. Ambiri amaganiza kuti popeza palibe pepala ndiye kuti palibenso chowamanga. Si choncho. Ku Malawi kuno kuli lamulo lotchedwa Partnership Act, lomwe mizu yake ili m'lamulo la ku England la 1890, ndipo ntchito yake ina yaikulu ndi kutseka mipata yonse imene eni bizinesi anasiya osakambirana. Mukapanda kulemba zanu, lamulolo lili nazo zake zolemba kale, ndipo ndi zimenezo zomwe khoti lidzagwiritse ntchito tsiku lomwe mudzayambane.

Ndiye tisanayerekeze njira, timve kaye zomwe lamuloli limanena kwa anthu amene sanagwirizane mwanjira ina.

Limati phindu mugawane mofanana, kuluzanso musenze mofanana. Tiyerekeze kuti inu munaika K8 miliyoni, mnzanu K2 miliyoni. Mumtima mwanu mukudziwa kuti gawo lanu ndi lalikulu. Koma ngati simungathe kusonyeza kuti munagwirizana zogawana molingana ndi zomwe aliyense anaika, poyambira pa khoti ndi theka ndi theka. Limatinso palibe mmodzi wa inu amene ayenera kulandira malipiro chifukwa chogwira ntchito m'bizinesimo. Amene amatsegula shopu m'mamawa n'kutseka usiku, ndi amene amangobwera Loweruka kudzaona mabuku, onse ndi amodzi. Limati aliyense wa inu ali ndi mphamvu yochita malonda m'dzina la nonse, moti mnzanu akakatenga katundu pangongole kwa woodetsa, katundu wogwirizana ndi bizinesi yanu, ngongoleyo ndi yanunso, ndipo siithera pa katundu wa m'shopu. Ikhoza kufika pa galimoto yanu ndi mipando ya kunyumba kwanu. Ngati simunaike nthawi yomwe mgwirizano udzathe, aliyense akhoza kuuthetsa tsiku lililonse pongodziwitsa anzake. Mmodzi akamwalira, mgwirizano umathera pomwepo. Ndipo ngakhale mutakhala anayi, atatu n'kugwirizana kuti wachinayiyu watitopetsa, mulibe mphamvu yomuchotsa pokhapokha mphamvuyo munapatsana momveka bwino poyamba.

Malamulowa si oipa. Kungoti sakudziwani. Sakudziwa kuti chigayo chili pamalo a makolo a mnzanu, kapena kuti minibasi inagulidwa ndi ndalama za penshoni yanu.

Kupangana pakamwa

Iyi ndiyo njira yomwe ambirife timayambira, ndipo siyenera kunyozedwa. Siilira ndalama, siichedwetsa, komanso pangano la pakamwa lili ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Amayi awiri akasonkherana kukapikula tomato ku Jenda kapena mbatata ya kachewere ku Tsangano, n'kubwereka galimoto imodzi, n'kugulitsa, n'kugawana ndalama mawa lake, palibe chifukwa chofunira loya. Malondawo ayamba n'kutha aliyense akukumbukira bwinobwino zomwe ananena.

Vuto limabwera bizinesi ikakhalitsa. Ndipo kawirikawiri si chifukwa choti wina ndi wabodza. Anthu awiri oona mtima amatha kukumbukira zinthu ziwiri zosiyana kuchokera pa kucheza kumodzi, aliyense n'kulumbira kuti akunena zoona.

Taonani mawu awa omwe amanenedwa tsiku ndi tsiku: "Achimwene, ine ndigula minibasi, inu muziyendetsa, phindu tizigawana." Onse agwirana chanza, onse akondwa. Koma phindu ndi chiyani? Madzulo dalaivala afika ndi ndalama zopindapinda m'thumba la jekete, achotsa za mafuta, achotsa za kondakitala, achotsa za oitanira, achotsa za nkhomaliro. Kwa iye zotsalazo ndiye phindu, ndipo theka ndi lake. Mwini ndalama uja akuwerengera zina: matayala akutha, inshuwalansi ili pafupi kutha, galimoto iyenera kukayezedwa ku Road Traffic, ndipo injini tsiku lina idzafuna kutsitsidwa. Kwa iye phindu ndi zotsala zonsezi zikachotsedwa. Miyezi isanu yoyamba palibe amene amazindikira kuti akulankhula zinthu ziwiri. Zimadzaululika tsiku lomwe giyabokosi yaphwanyika pa Zalewa, makaniko akufuna ndalama zambiri, ndipo dalaivala akuti galimoto si yanga, ndi yanu, pomwe winayo akuti popeza timadyera limodzi tikonzerenso limodzi. Funsani tsono kuti minibasiyo ndi ya ndani. Bulubuku ili m'dzina la mmodzi, koma winayo wakhala akuiyendetsa zaka ziwiri osalandira malipiro, akukhulupirira kuti thukuta lakelo likumugulira gawo.

Ena masiku ano amadalira mauthenga a pa WhatsApp. Ndi bwino kusiyana ndi kusowa kalikonse, chifukwa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limalola kuti mauthenga a pafoni ndi pakompyuta akhale umboni. Koma mauthengawo amakhala odukaduka, osakanikirana ndi nkhani za maliro ndi za mpira, ena ndi mawu ojambula omwe amapita limodzi ndi foni ikabedwa. Amasonyeza kuti ndalama inatumizidwa. Sasonyeza kuti inatumizidwa ngati ngongole, ngati mpamba kapena ngati thandizo la pachibale.

Chimene chimatilepheretsa kulemba timachidziwa tonse. Ndi manyazi. Ukangotchula za pepala, mnzako nkhope imagwa: "Ndiye kuti mukundikayikira?" Ngati ndi mlamu wako kapena mkulu wa mpingo, mawuwo amathera kukhosi. Koma anthu omwewa mukawapeza ku banki m'khonde, akulemba chilichonse. Sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku, wochedwa amalipira chindapusa, bokosi lili ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana. Palibe amene amakwiya kuti akumukayikira. Ndi chifukwa chake magulu amenewa amafika pogawana kumapeto kwa chaka anthu akadali pa ubale. Ngati timalemba masheya a K2,000, tisachite manyazi kulemba mamiliyoni.

Pepala lolemba nokha, losainidwa pamaso pa mboni

Njira yachiwiri ndi kukhala pansi awiri, kulemba zomwe mwagwirizana, kusaina, n'kupeza mboni. Kumudzi anthu amapita nalo kwa nyakwawa kapena gulupu kuti adinde. M'tauni ena amapita kwa amfumu a m'dera, ena kwa abusa kapena shehe, ena kwa munthu wovomerezeka kulumbiritsa anthu, monga loya kapena majisitireti.

Ine njira imeneyi ndimailemekeza kwambiri, ndipo kwa bizinesi zambiri zazing'ono ndi yokwanira. Lamulo silinena kuti mgwirizano ulembedwe m'Chingerezi kapena ndi loya. Lembani m'Chichewa chomwe nonse mukumva. Nkhani ikadzafika kukhoti adzamasulira. Kuli bwino pepala la Chichewa lomwe aliyense akudziwa zomwe wasainira kusiyana ndi masamba khumi a Chingerezi okopera pa intaneti, otchula malamulo a ku America, omwe palibe mwa inu anawawerenga mpaka kumapeto.

Kufooka kwake n'koti mapepala otere amafupika kwambiri. Ambiri amangoti: ife awiri tagwirizana kuchita bizinesi ya chigayo, uyu waika zakuti, uyu zakuti, tizigawana mofanana. Basi, zidindo. Pepala lotere limayankha funso la tsiku loyamba lokha, lomwe palibe amene amakanganirana. Mafunso a tsiku loipa onse lawasiya. Chidindo cha amfumu chimachitira umboni kuti munasaina, koma sichiwonjezera mawu omwe simunalembe. Ndipo amfumu angathe kukuyanjanitsani pa mkangano wa inu awiri, koma banki kapena kampani yomwe inakukongozani katundu siidzapita kubwalo la amfumu.

Mukasankha njira iyi, samalani zinthu zingapo zazing'ono. Mayina alembedwe monga alili pa chiphaso cha unzika, ndi nambala zake. Tsiku lilembedwe. Musaine tsamba lililonse, osati lomaliza lokha. Aliyense atenge kope yake, ndipo muijambulenso pafoni n'kuitumiza kwa munthu wina wodalirika, chifukwa chiswe ndi mvula sizisankha pepala. Mboni zisakhale za mbali imodzi. Ndipo ngati muli pabanja, akunyumba adziwe kuti pepalalo lilipo ndi komwe lili.

Mgwirizano wokwanira, woonedwa ndi loya, bizinesi n'kulembetsedwa

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa kwa anthu awiri kapena atatu omwe aika ndalama zoti zitatayika banja lingagwedezeke, iyi ndiyo njira yomwe ndingawalangize.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza. Kulembetsa bizinesi kuboma, pansi pa lamulo la 2012 la Business Registration Act, kumakupatsani satifiketi yosonyeza dzina la bizinesi ndi eni ake. Ndi satifiketiyo mumakatenga TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA, mumatsegula akaunti kubanki, mumapikisana nawo pa makontirakiti a ntchito (ma tender). N'kofunika. Koma satifiketiyo siinena kuti gawo la uyu ndi lotani, amene amasaina macheke ndani, wina akafuna kuchoka atenga chiyani. Anthu amaipachika pakhoma m'felemu n'kumaganiza kuti zonse zili m'malo. Mgwirizano wa pakati panu ndi pepala lina, ndipo boma silikulemberani.

Loya musamupitire chimanjamanja kuti akuganizireni. Kambiranani nokha kaye, lembani zomwe mwagwirizana, kenako mupite nazo kuti akaone mipata ndi kuziika m'mawu omwe khoti silingawamve pawiri. Mukatero mtengo umatsika ndipo pepalalo limakhala lanudi. Dziwaninso kuti loya amene wabwera ndi mnzanu, n'kulipidwa ndi mnzanuyo, akuimira mnzanuyo. Ngati ndalama zake ndi zambiri, si kulakwa kupempha kuti wina akuwerengereni musanasaine.

Nanga mulembemo chiyani? Zoyamba n'zosavuta: aliyense waika chiyani. Koma "chiyani" ameneyu si ndalama zokha. Wina wabweretsa malo, wina galimoto, wina luso lake la uwotcherera, wina makasitomala omwe anawapeza kale. Chilichonse chipatsidwe mtengo, ndipo munene ngati chaperekedwa kubizinesi kapena changobwerekedwa. Nkhani ya chigayo ndiyo imaonetsa bwino. Nyumba ya chigayo yamangidwa ndi ndalama za nonse, magetsi a ESCOM mwakokera limodzi, koma malowo ndi a banja la mnzanu. Tsiku lomwe mudzasiyane, injini mukhoza kuimasula n'kuinyamula, koma nyumba ndi mapolo a magetsi zidzatsala pamalo a eni ake. Lembani lero kuti winayo adzabwezeredwa motani.

Kenako malipiro. Amene akugwira ntchito tsiku ndi tsiku alandire malipiro ake pamwezi, olembedwa, osiyana ndi phindu. Phindu ligawidwe pambuyo pake, pa nthawi yoikika, mutachotsa ndalama yosungira zokonzetsa ndi yowonjezera sitoko. Mukalekanitsa ziwirizi, mwachotsa muzu wa madandaulo awiri omwe amapha bizinesi zambiri: wogwira ntchito kumva kuti akulimira mnzake, ndi woika ndalama kumva kuti akudyeredwa.

Lembaninso za kutapa. Palibe bizinesi ya anthu awiri yomwe imagwa tsiku limodzi. Imatha pang'onopang'ono: lero paketi ya shuga yopita kunyumba, mawa K20,000 ya fizi, mkuja chopepesera maliro. Zonsezi ndi zofunika, ndipo palibe amene akuba. Koma pakhale buku lomwe aliyense wotenga kanthu alembe n'kusaina, ndi malire a zomwe munthu angatenge pamwezi, zodzachotsedwa pa gawo lake. Akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la bizinesi, yosainira awiri ndalama ikapitirira mlingo womwe mwaika. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira makasitomala isakhale ya m'thumba mwa mmodzi, yomwe amaguliranso mayunitsi ndi ndiwo. Munenenso kuti ngongole yoposa ndalama zakuti palibe angatenge popanda siginecha ya mnzake.

Tsopano mbali yomwe anthu amaithawa: kusiyana. Munthu akafuna kuchoka, apereke chidziwitso cha miyezi ingati? Gawo lake ayambe watsatsa kwa anzake asanagulitse kwa mlendo? Ndipo mtengo wa gawolo udzapezeka bwanji? Funso lomalizali ku Malawi kuno ndi lalikulu kuposa mmene mabuku akunja amalionera, chifukwa cha kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 kubanki. Tiyerekeze munthu anaika K5 miliyoni kumayambiriro kwa 2022, ndalama zomwe zinagula makina. Lero akuti ndikuchoka. Wotsalayo akuti nayi K5 miliyoni yanu, zikomo. Wochokayo akuti ayi, makina omwe ndalama yanga inagula lero mtengo wake wakwera kwambiri, ndikufuna theka la mtengo wa lero. Aliyense ali ndi mfundo yomveka, ndipo popanda cholembedwa mkangano umenewu umatha chibale. Chiganizo chimodzi chikanathetsa: wochoka adzalandira gawo lake la mtengo wa bizinesi pa tsiku lochoka, wowerengedwa ndi munthu wodziwa za maakaunti yemwe onse amuvomereza, ndipo adzalipidwa pang'onopang'ono kwa miyezi yakuti kuti bizinesi isagwe.

Za imfa sitikonda kuzitchula, ena amati n'kuitana tsoka. Koma ganizirani mayi wamasiye amene mwamuna wake anali ndi theka la hadiweya. Maliro atha, sadaka yapita. Iye akudziwa kuti "bambo anali m'bizinesi ndi anzawo aja", koma alibe pepala. Mnzawo uja akhoza kukhala munthu wabwino, koma nayenso sakudziwa kuti apereke zingati, kwa ndani, pakuti akuchimuna nawonso afika kudzafunsa. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limateteza mkazi ndi ana ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma lamulolo limagawa chuma chomwe chikudziwika. Gawo la m'bizinesi lomwe silinalembedwe paliponse ndi losavuta kulikana. Mbali inayo, wotsalayo naye ayenera kutetezedwa, kuti asakakamizike kuchita bizinesi ndi mlamu kapena mphwake wa malemu yemwe sadziwa ngakhale mtengo wa thumba la simenti. Mgwirizano wabwino umanena kuti bizinesi idzapitirira, gawo la malemu lidzawerengedwa motere, lidzaperekedwa kwa oyenera kulandira chuma chake motere, ndipo wachibale adzalowa m'bizinesi pokhapokha otsalawo atavomera. Aliyense alembenso wilo yogwirizana ndi zimenezi.

Pomaliza muikemo njira yothetsera kusamvana. Milandu ya zamalonda kukhoti imadya nthawi ndi ndalama, ndipo pomwe mukudikira chigamulo shopu imakhala yotseka. Gwirizanani kuti mudzayamba mwakhala pansi ndi mkhalapakati, ndipo mutchule mtundu wa munthu amene nonse mungamumvere. Zikakanika, nkhani ipite kwa woweruza wapadera amene mwasankha, monga lamulo la Arbitration Act limalolera, kapena kukhoti.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo ndiyenera kuwanena mosabisa. Mgwirizano wanu umamanga inu nokha. Munthu wakunja amene anakongoza mnzanu katundu m'dzina la bizinesi, osadziwa kuti munaletsana, akhoza kukutsatanibe inu. Pepalalo lidzakuthandizani kuti mnzanuyo akubwezereni, koma silingaimitse masherifu pachipata. Komanso mukachoka m'bizinesi, ngongole zomwe zinatengedwa muli momwemo zimakutsatani, ndipo muyenera kudziwitsa banki, oodetsa ndi ofesi yolembetsa bizinesi kuti mwatuluka, apo ayi mukhoza kudzafunsidwa za ngongole zomwe zinatengedwa inu mutapita kale.

Kampani

Amene akuopa zimenezi ayang'ane ku kampani ya "Limited", yolembetsedwa pansi pa Companies Act ya 2013. Kampani pamaso pa lamulo ndi munthu payekha. Imakhala ndi katundu wake, ngongole zake, ndipo ikagwa eni masheya amataya zomwe anaikamo, osati nyumba zawo. Mmodzi akamwalira kampani siifa, masheya ake ndi amene amalowa m'chuma cha masiye. Magawo amaoneka poyera: uyu masheya 60, uyu 40. Kwa anthu ochita za zomangamanga, zonyamula katundu, zoitanitsa katundu wambiri kunja, kapena olemba antchito ambiri, komwe ngozi imodzi kapena kontirakiti imodzi yolephereka ingabweretse ngongole yoposa chuma chawo chonse, kampani ndiyo yoyenera.

Koma ili ndi katundu wake. Chaka chilichonse pamafunika kupereka malipoti ku ofesi yolembetsa makampani, mabuku a ndalama asungidwe mwadongosolo, msonkho wa kampani ndi 30 peresenti ya phindu, ndipo ndalama ya kampani si yanu yoti n'kungotapa. Chitetezo chija nachonso chili ndi pobowoka: mabanki pokongoza kampani yaing'ono nthawi zambiri amafuna kuti eni ake asaine kuti adzabweza okha ikalephera, kapena apereke nyumba yawo ngati chikole. Mukasaina zimenezo, mawu oti "Limited" sakutetezaninso pa ngongole imeneyo.

Ndipo chomwe ambiri sayembekezera n'chakuti kampani siichotsa kufunika kwa mgwirizano wolemba. Anthu awiri a masheya 50 ndi 50 akasemphana maganizo, palibe amene angapose mnzake pa voti, kampani imangoima. Wa masheya 30 akhoza kungoona mnzake wa 70 akudziikira malipiro aakulu monga dairekitala, chaka n'kutha popanda phindu logawana. Choncho eni masheya nawonso amafunika pangano lawo lonena za malipiro, za kugulitsa masheya, ndi za chochita akalephera kumvana. Mafunso ndi omwe aja, angosamukira m'nyumba ina.

Kopaletivi ingotchulidwa mwachidule, chifukwa si ya anthu awiri. Ndi ya gulu, monga alimi a mkaka, a mpunga kapena a soya ofuna kugulitsa pamodzi, ndipo imayendera lamulo la 1998 la Cooperative Societies Act. Mfundo yake ndi yoti membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya anaika zambiri kaya zochepa. Kwa alimi makumi atatu ndi chilungamo. Kwa munthu amene waika ndalama zochuluka kuposa anzake onse ndipo akufuna mawu ake alemere, si njira yake.

Mwina simukufunika kukhala eni bizinesi limodzi

Pali njira ina yomwe anthu saiganizira, koma ikanapulumutsa maubale ambiri. Nthawi zina chomwe anthu awiri akufuna si kukhala eni ake onse. Mmodzi akungofuna ndalama yake ibereke, winayo akungofuna poyambira.

Izi zimaoneka kwambiri kwa abale athu omwe ali ku Joni, ku Cape Town, ku Ireland kapena ku UK. Munthu akugwira ntchito usiku ndi usana, akutumiza ndalama pa Mukuru kwa mng'ono wake kuti "tiyambe geni". Iye mumtima akuti shopuyo ndi yanga, mng'ono wangayu akungondiyang'anira. Mng'onoyo akuti achimwene anandithandiza mpamba, shopu ndi yanga, ndidzawabwezera zinthu zikayenda. Makolo akuti ndi shopu ya banja, ndipo amatumako ana kukatenga sopo. Pakatha zaka zinayi munthu uja akutsika basi ndi zikwama zake, akufuna makiyi.

Pamenepa sankhani chimodzi mwa zitatu, n'kuchitchula dzina lake. Ngati ndi ngongole, lembani kuti ndi ngongole: ndalama zakuti, zobweza pofika mwezi wakuti, ndi chiwongoladzanja kapena ayi. Wokongozayo alibe gawo m'shopu, komanso ngongole za shopu sizimukhudza. Ngati ndi ntchito, shopu ilembetsedwe m'dzina la mwini ndalama, mng'onoyo alandire malipiro ndi kagawo ka phindu monga chomulimbikitsa, ndipo adziwe kuti ndi wantchito. Ngati ndi umwini wa onse, ndiye mubwerere ku mgwirizano wokwanira uja, muwonjezeremo kuti amene ali kutali aziona sitetimenti ya kubanki mwezi uliwonse ndi zithunzi za buku la malonda, komanso kuti katundu wamkulu, monga galimoto kapena puloti, alembedwe m'dzina la ndani. Mwa zitatuzi, ngongole ndiyo imasunga chibale bwino koposa, chifukwa ili ndi pothera. Munthu akabweza, nkhani yatha, ndipo Khirisimasi mudyera limodzi.

Ndiye musankhe iti?

Muyezo wanga ndi mafunso awiri: bizinesiyi ikhala nthawi yaitali bwanji, ndipo itagwa ingakugwetseni mpaka pati? Malonda a ulendo umodzi, pakamwa pakwana, bola mutumizirane uthenga umodzi womveka wonena zomwe aliyense waika ndi mmene mugawanire. Bizinesi yokhalitsa koma yaing'ono, yopanda ngongole za kubanki, monga saluni, butchala kapena shopu ya pamsika, lembani nokha mosamala, muyankhe mafunso a kuchoka ndi imfa, musaine pamaso pa mboni. Pakakhala galimoto, makina, nyumba, malo kapena ngongole, pitani kwa loya ndipo mulembetse. Ndalama yomwe mungamulipire ndi yochepa poyerekeza ndi ya mlandu umodzi. Pakakhala antchito ambiri ndi makontirakiti aakulu, tsegulani kampani, koma pangano la eni masheya lisasowe.

Amene muli kale m'bizinesi zaka zingapo popanda pepala, simunachedwe, ndipo nthawi yabwino ndi ino pomwe mukumvana. Mukadikira kuti pakhale kakusamvana, aliyense adzawerenga chiganizo chilichonse ngati msampha. Sankhani tsiku lomwe shopu yatseka, muwerenge sitoko yonse limodzi, mulembe katundu yense ndi mtengo wake wa lero, ngongole zomwe muli nazo ndi zomwe anthu ali nazo kwa inu. Mugwirizane kuti kuyambira tsiku limenelo gawo la aliyense ndi lotani. Poyambitsa nkhaniyo musayambe ndi za kuba kapena kusakhulupirika. Yambani ndi ana: "Achimwene, ine nditati ndagona lero osadzuka, mlamu wanuyu mudzamupatsa chiyani, ndipo adzadziwa bwanji kuti ndi zokwanira?" Funso lomwelo likumukhudza iyenso, pakuti naye ali ndi banja, ndipo kuchokera pamenepo n'kosavuta kufika pa za malipiro, za kutapa ndi za osainira kubanki.